Akapitawo ndi Bokosi

Mpaka lero achimwene anga akayamba kutamanda kagalimoto kawo kaja, ine ndimanyamuka n'kukatsuka mbale, ngakhale zikhale zotsuka kale. Sindifuna kuyambana nawo pamaso pa ana. Koma mtima wanga sunaphwe, ndipo sindikuona kuti udzaphwa msanga, chifukwa amayi athu lero saona, ndipo pa nkhani ya maso awoyo kagalimoto kameneko kali ndi mlandu. Achimwene amati mlandu ndi wa mvula. Mvula inayamba liti kugula magalimoto?

Ndiyambe ndi galimoto yakale, poti ndiyo inayamba kufika pakhomo. Malemu bambo athu anali dalaivala pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Ankayendetsa manejala m'minda pa chigalimoto chobiriwira, chachitali miyendo, chokoka ndi matayala onse anayi. Anthu otchola tiyi akangomva kulira kwake kutsidya, macheza ankathera pomwepo, aliyense n'kuwerama ngati wakhala akutchola osapuma chiyambire m'mawa. N'chifukwa chake anachipatsa dzina loti Akapitawo, ngati uja woyang'anira antchito m'munda. Ndipo palibe ankati "ikubwera." Onse ankati "Akapitawo akubwera," ndi ulemu wake wonse, ndiye inenso nditero.

Bambo atapuma ntchito, esiteti inali kugulitsa magalimoto otha, ndipo iwo anagula Akapitawo n'kubwera nawo kumudzi kwa amayi ku Khwethemule, poti kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Anawaimika pansi pa mtengo wa mapeyala, pamalo otsetsereka, chifukwa m'mawa wozizira Akapitawo sankadzuka okha, ankafuna kukankhidwa kaye.

Sindingawabisire zoipa zawo. Mipando inali youma ngati benchi ya kutchalitchi. Mvula ikagwa, wokhala kutsogolo ankanyowa bondo lakumanzere. Chitseko cha mbali ya amayi chinkatseguka chokha pa mabampu mpaka bambo anachimangira lamba wa chikopa. Ukatsika, zovala zinkanunkha dizilo, moti ku ukwati anthu ankadziwa okha kuti wabwera pa chiyani. Kukwera kwake ndiye usanene: amayi tinkachita kuwaikira kampando, wina n'kuwakankha kumbuyo, iwo akutukwana m'Chilomwe. Chiwongolero chake chinkafuna munthu woti wadya. Ndikudziwa chifukwa ndine amene bambo anandiphunzitsa kuyendetsa, achimwene ali kusukulu m'tauni, ndipo mapewa anga anawawa mwezi wathunthu.

Koma Akapitawo sankafunsa kuti msewu uli bwanji. Ananyamula azimayi oyembekezera oti matenda awayamba, chimanga cha kuchigayo, nthochi, kwaya yonse ya kumpingo, mbuzi, ngakhalenso maliro. Matope athu ofiira aja, amene amavula munthu nsapato, iwo ankangowadutsa akung'ung'udza. Mvula ikachuluka mbuzi zinkabisala pansi pawo zili chiimire. Bambo atamwalira ndinapitiriza ndine kuwayendetsa. Ndimaphunzitsa pa pulayimale ya pa esiteti, ndipo Loweruka lililonse ndinkakwera mtunda kukaona amayi, n'kuwalizako Akapitawo kuti asaiwale ntchito.

Ndiye kunabwera nzeru za ku Limbe. Achimwene amagwira ntchito mu ofesi kumeneko, ndipo amalume atamwalira iwo ndiwo anakhala mwini mbumba, woyang'anira ife alongo awo ndi ana athu. Udindowo anaulandira ndi manja awiri. Anayamba kunena kuti galimoto ija yakalamba, ikumwa dizilo ngati chidakwa, zipangizo zake sizikupezekanso, ndiponso amayi ndi mawondo awo sangamakwere chinthu chachitali chonchija. Ine ndinkayankha kuti yakalamba inde, koma ikufika pakhomo. Ndinkayesa tikungokambirana. Loweruka lina ndinafika kwa amayi n'kupeza pansi pa mtengo wa mapeyala pali banga la oyilo lokha. Achimwene anali atabwera mkati mwa sabata ndi bambo wina wachisilamu wa ku Bvumbwe, wonyamula katundu wa kumsika, ndipo Akapitawo anapita osanditsanzika. Ndinakalipa tsiku limenelo mpaka mawu anandithera. Achimwene pafoni anangoti ndidekhe, ndiona chimene chikubwera.

Chinabweradi. Anachiitanitsa pafoni kuchokera ku Japan, anachidikira miyezi, ndipo tsiku lina m'chilimwe, msewu uli gwa, chinatulukira pakhomo chikunyezimira. Kanali kaminibasi ka banja, kotuwa ngati ndowa yatsopano, ka mizere itatu ya mipando. Chitseko chake chinkatseguka chokha chammbali munthu ukangogwira. M'kati munkazizira ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo. Kanalibe giya yolimbana nayo. Ukaliza injini, mayi wina wosaoneka ankalankhula Chijapani, ndipo amayi athu, poti ndi munthu waulemu, anamuyankha kuti ali bwino, kaya iwo anzathu.

Apa ndisaname, amayi anakakonda. Anakwera okha, popanda kampando, popanda wowakankha. Anasisita mpando n'kunena kuti ndi wofewa kuposa bedi lawo. Lilime lawo la Chilomwe silitha kunena galimoto, amati kalimoto, ndipo tsiku limenelo dzinalo linagwa pamalo pake. Tinapita nawo ku Bvumbwe kukagula kabichi, ndipo pa tala kanayenda ngati sikakugunda pansi. Ngakhale ine ndinagona tulo pang'ono kumbuyoko, ngakhale sindinawauze achimwene. Chimene chinandisangalatsa n'choti titaima pamsika, anyamata oitanira anatsegula chitseko n'kuyamba kulowetsa mayi wina ndi thumba lake la mbatata, poti timagalimoto totere n'tomwe timachita matola m'misewu muno. Achimwene anatuluka thukuta pofotokoza kuti iyi ndi galimoto ya banja.

Koma ine ndinali nditawerama kale n'kukasuzumira kunsi. Mimba yake inali pafupi ndi dothi moti nkhuku yofungatira ikanachita kugwada kuti ilowe. Ndinawauza achimwene kuti aka ndi kamkazi ka m'tauni, kovala nsapato za gogoda, kadzatichititsa manyazi dzinja. Anati ine vuto langa ndimakonda zinthu zakale ngati munthu wa zaka za amayi. Anyamata a kabaza, aja onyamula anthu pa njinga zamoto, atakaona mmene kanapangidwira, kamakona anayi kopanda mphuno, anakatcha Bokosi. Dzinalo linakakamira, ndipo tonse tinkaseka osaganiza kuti bokosi kwathu kuno ndi mawu amene amanenedwanso pa tsiku lina.

Nthawi imeneyo n'kuti maso a amayi atayamba kuyera. Poyamba ankati kunja kwachita nkhungu pamene kuli ngwee. Kenako anathira mchere mu tiyi. Kenako anadutsa mpongozi wawo panjira osamupatsa moni, mpaka nkhani inakula. Kuchipatala chaching'ono cha pa esiteti anatiuza kuti ndi ng'ala, ndipo imachotsedwa, munthu n'kuonanso bwinobwino. Anati kukubwera madokotala a maso ku chipatala chachikulu cha boma m'nyengo ya mvula, ndipo amayi anawalemba m'gulu la okachitidwa opaleshoni.

Kuwalemba kunali kosavuta. Kuti avomere ndiye inali nkhondo. Mng'ono wawo wa amayi anapita ku opaleshoni ya m'mimba kalekale n'kubwerako ali m'bokosi, ndipo kuyambira pamenepo amayi ankati munthu wogonekedwa pa bedi la mpeni sadzukanso. Ndinawanyengerera, ndinawaopseza, ndinawabweretsera bambo wina amene anachotsedwa ng'ala kuti awawerengere Baibulo pamaso pawo. Iwo ankangoti zikomo, apite bwino. Chimene chinawagonjetsa ndi khanda. Mwana wanga wamkazi anabereka mtsikana, n'kumupatsa dzina la amayi, ndipo aliyense wobwera kudzaona mwana ankati wangotengera agogo ake aakulu, mphuno ndi chipumi chomwe. Amayi anamuika pamiyendo, n'kumuyendetsa zala kumaso konse, nthawi yaitali. Kenako anati anthu a m'mudzi muno ndi abodza, akufuna akadzionere okha ngati mwanayu wafananadi nawo. Anavomera kupita. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa bafa kuti asandimve.

Tsiku litayandikira, mvula inali itakhazikika. Msewu wa kwa amayi umachoka pa tala n'kulowa m'minda ya tiyi, ndipo mathirakitala onyamula masamba amaukumba mbali ziwiri n'kusiya msana pakati. Pafupi ndi kwathu pali khona lokwera, pansi pa mitengo ya bulugama, ndipo ukangolimaliza wafika pa kanjira kolowera kunyumba kwa amayi. Ndinawauza achimwene kuti tiwapemphe bambo a ku Bvumbwe aja atibwereke Akapitawo tsiku limodzi lokha. Anakana. Anati iwo sangakagwade kukapempha chinthu chimene anagulitsa okha, anthu adzati chiyani, ndipo galimoto yawo inafikapo kale pakhomo kangapo konse. Ndinati inafika m'chilimwe. Anati ndisiye kulosera zoipa. Ndinati basi amayi akagone kwanga, pafupi ndi tala, koma amayi anakana, ati munthu wopita ku mpeni achokere m'nyumba mwake. Ndinagonja, n'kupita ine kukagona kwawo.

M'mawa mwake kunacha ndi nkhungu yoti sungaone nkhokwe uli pakhonde. Ndinawaphikira madzi, ndinawasambitsa, ndinawaveka chitenje chawo chatsopano ndi duku loyera la kutchalitchi, ndi nsapato zimene amavala pa Khirisimasi pokha. Ndinawakhazika pampando m'nyumba, kachikwama pamiyendo. Anandifunsa ngati akadzachira adzathe kulowetsa ulusi pa singano, ine ndinati adzatha. Tinadikira. Foni ya achimwene sinkapezeka.

Zimene zinkachitika kumunsi ndinazimva pambuyo pake, koma ndizinene pano kuti nkhani iyende. Bokosi linayenda bwino mpaka pakhona paja. Pamenepo matayala analowa m'mikwasa ya mathirakitala, mimba inakhala pa msana wa msewu, ndipo basi, linangokhala pamenepo ngati kamba woikidwa pa chitsa, matayala akuzungulira chabe. Achimwene anaopa kuti thirakitala yotsika mtunda mu nkhungu ija idzaliwomba. Tizikwangwani tofiira tamakona atatu tochenjezera pamsewu tija analibe. Ndiye anachita zimene amaona madalaivala a malole akuchita pa msewu wa ku Limbe: anathyola nthambi za bulugama n'kuziyala pamsewu, kumunsi kwa khona ndi kumtunda kwake. Za kumtundazo anaziyala mpaka pakamwa penipeni pa kanjira ka amayi. Atatero, m'malo mokwera kamtunda kochepa kaja kudzatiuza, anatembenuka n'kutsika wapansi kukafuna thirakitala yoti iwakoke. Ndikudziwa chifukwa chake. Ankaopa pakamwa panga.

Munthu wobadwira m'mudzi muno! Pa tala, masamba pamsewu ndiye kuti kutsogolo kwafa galimoto. Kumudzi, masamba pamsewu ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro, wa njinga atsike, wa chipewa avule. Achimwene anakulira pomwepa, anatsikapo njinga pa masamba otere kosawerengeka. Koma zaka za m'tauni zinawatsuka m'mutu.

Azimayi opita kukatchola tiyi anatsika kuchokera kumtunda, madengu kumsana, mapepala apulasitiki kumutu. Anafika pa kanjira ka amayi n'kuona masamba. Galimoto sankaiona, inali kuseri kwa khona, mu nkhungu. Onse ankadziwa kuti amayi ali ndi nkhani ya opaleshoni sabata imeneyo, koma tsiku lenileni sankalidziwa. Ali chiimire choncho, kunatulukira wa kabaza kuchokera kumunsi, matope mpaka m'chiuno, ndipo anamufunsa kuti kwagwanji. Iye osaima n'komwe anangoti: "Mwana wawo wa ku Limbe uja wabwera ndi Bokosi, koma lakanika kukwera, lili pakhona apo."

Panali mayi wina wa kumpingo kwathu amene sachedwa pa maliro alionse, ndipo kukhosi kwake kumamveka mpaka kufakitale. Anaponya dengu pansi n'kuyamba. Anzake anapolokezana naye. Wina anathamangira kutchalitchi kukauza oliza belu. Ena anatulutsa mafoni. Palibe ngakhale mmodzi amene anaganiza zoyamba wafika pakhomo kudzafunsa. Chonsecho mwambo wake, maliro salira amfumu asanauzidwe, ndipo azimayi amenewa amaudziwa bwino mwambowo akamadzudzula anzawo. Tsiku limenelo anausiya m'madengu.

M'nyumba, amayi ndiwo anayamba kumva, poti makutu awo anali atanoleka chiyambire maso kufooka. Anati kwagwa zovuta. Anayamba kutchula odwala a m'mudzi mmodzimmodzi, kuyesa kulota kuti angakhale ndani. Anafika poyamba kumasula duku, ati sangapite kuchipatala m'mudzi muli maliro, ine n'kuwagwira dzanja kuti ayi, lero ndi lero, tikapepesa pobwera. Koma kulira kuja kunkayandikira. Kunalowa pa kanjira kathu. Kunafika pa mtengo wa mapeyala. Ndipo mawu anayamba kumveka bwinobwino: ankatchula amayi ndi dzina la mfunda wawo, kuwafunsa kuti atisiya ndi yani, kuwafunsa kuti anapitiranji ku mpeni. Belu la kutchalitchi linayamba kulira, kamodzikamodzi, mmene limalirira pa maliro. Amayi anandigwira pamkono mwamphamvu moti zikhadabo zinasiya zizindikiro.

Ndinatuluka ngati ndaponyedwa. Ndinakuwa kuti asiye, amayi ali moyo, ali m'nyumbamu, akupenga kodi? Mukudziwa chimene anachita? Anandigwira. Azimayi anayi anandikumbatira, kundikhazika pansi m'matope, wina akundisisita kumsana, ati ndilimbe mtima, ndi mmene zimakhalira, mwana wamkazi savomereza msanga. Ndikamakuwa kwambiri iwo ankalira kwambiri. Sindinakwiyepo chotero chibadwire. Ndinamuluma wina pa dzanja, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Kenako kulira kunaduka pakati ngati wailesi yothera mabatire. Amayi anali ataima pakhomo, dzanja limodzi pa mphuthu ya chitseko, duku loyera kumutu, maso oyera aja akuyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu. Amene anali kutsogolo anagwa chagada. Mayi wa kukhosi uja anathawira m'munda wa tiyi n'kusiya patapata mmodzi pabwalo. Ena anangoti kakasi, pakamwa pali yasa. Ndipo belu linkalirabe, chifukwa woliza uja panalibe womuuza. Posakhalitsa anatulukira azibambo atatu ndi makasu paphewa, adzukulu okumba manda, kudzafunsa kuti akumbe mbali iti.

Zitadziwika, ena anayamba kuseka, kuseka kwa manyazi kuja. Ena anagwada kupepesa. Wina anati amayi adzakhala ndi moyo wautali, poti wolilidwa ali moyo safa msanga. Ine ndinali kuwathamangitsa ndi tsache. Amayi sanaseke ndipo sanakalipe. Anapapasa khoma mpaka anapeza mpando wa pakhonde, anakhala, anawerama n'kuvula nsapato za Khirisimasi zija, n'kuziika pambali bwinobwino.

Ndinagwada patsogolo pawo n'kuyamba kuwavekanso. Anabweza phazi. Analankhula m'Chilomwe kaye, kenako anabwereza m'Chichewa kuti aliyense amve: "Sindipita. Mwandilira kale, belu mwaliza, makasu abwera. Chatsala n'chiyani? Ndikakagona pa bedi lija ndiye kuti ndakamaliza ndekha zimene mwayambazi."

Ndinawauza kuti si malodza, ndi masamba a bulugama chabe ndi uchitsiru wa anthu. Ndinawakumbutsa za khanda. Anati khandalo analiona ndi zala, zakwana.

Dzuwa litakwera achimwene anafika, matope mpaka m'mawondo, suti yonse yofiira. Thirakitala inali itawakoka, bampala ya Bokosi n'kutsala pakhona. Anapeza bwalo ladzaza anthu, ndipo atamva zimene masamba awo anachita anakhala pansi pomwepo. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Anakwawa mpaka pa mapazi a amayi, kuwapempha, kunena kuti nthawi ikadalipo, madokotala akadali komweko mpaka madzulo, awabereka kumsana mpaka pa galimoto. Amayi anawasisita kumutu ngati kamwana n'kuwauza kuti akasambe, angadwale chimfine.

Tili pomwepo, kumunsi kunamveka kulira kumene aliyense wa m'dera lino amakudziwa. Amayi anadzutsa mutu. Akapitawo ankakwera khona lomwe lija, m'mikwasa yomwe ija, osasintha ngakhale mawu. Bambo a ku Bvumbwe aja ankapita kumtunda kukatenga nthochi, ndipo uthenga wa maliro unali utawapeza panjira. Anaima pa kanjira kathu, anatsika, n'kubwera mwakachetechete manja kumbuyo kudzapepesa maliro a mkazi wa munthu amene galimoto yake akudyera. Atapeza malemuwo akhala pakhonde, anayamika Mulungu m'chinenero cha chipembedzo chawo, ndipo atamva nkhani yonse sanaseke ngakhale pang'ono. Anati nthochi zidikira, amayi akwere, akawasiya pakhomo penipeni pa chipatala, ndipo za mafuta tisatchule n'komwe.

Amayi anati ndiwagwire dzanja. Ndinayesa zatheka. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo opanda nsapato, anthu akupatuka. Atafika anayala manja pa boneti yofunda ija. Anapapasa mpaka pa chitseko cha mbali yawo, napeza lamba wa chikopa amene bambo anamanga, akadali pomwepo. Anamugwira kanthawi. Kenako analankhula, osati kwa ife, koma kwa galimoto.

"Mukanabwera ndinu m'mawa muja, bwenzi pano ndili kutali."

Anatembenuka n'kundiuza kuti ndiwabwezere pakhonde.

Madokotala aja anamaliza ntchito yawo n'kupita. Anabweranso chaka chotsatira, m'chilimwe, msewu uli gwa, ndipo amayi anakana. Abusa anabwera kudzawauza kuti Mkhristu saopa malodza, iwo anavomera kuti n'zoona, n'kuwapatsa abusawo nkhuku, koma osapita. Anamwino a pa esiteti anayesa. Ine ndinayesa mokoma, ndinayesa mokalipa, ndinafika ponyanyala mwezi wathunthu osapondako. Amayi akanena kuti ayi, ndi ayi. Kuwala kochepa kumene kunatsala kunazima, ndipo tsopano sasiyanitsa usana ndi usiku koma ndi kulira kwa atambala.

Achimwene anagula tizikwangwani tofiira tija, tiwiri, ndipo amationetsa kwa aliyense. Bampala anaikitsa ina. Akamafotokoza nkhaniyi amati vuto linali mvula, vuto linali msewu wosakonzedwa, vuto linali umbuli wa anthu a kumudzi. Amawerengera ubwino wa Bokosi pa zala: silimwa mafuta, ana onse amakwana, silidontha, alamu amatha kuliyendetsa. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Kukatenga ana kusukulu ku Limbe, kupita ku ukwati, kukagula zinthu m'masitolo, ndi galimoto yabwino kwabasi. Koma ife sitinkafuna galimoto yabwino. Tinkafuna galimoto yofika pakhomo pa amayi tsiku la mvula, ndipo tinali nayo, itaima pansi pa mtengo wa mapeyala, yolipiridwa kale ndi thukuta la bambo. Masiku ano dzinja likafika achimwene amasiya Bokosi pa tala, kwa mlonda wa pa geti la esiteti, n'kukwera kabaza, atakumbatira m'chiuno mmodzi wa anyamata omwe aja amene analitcha dzina.

Akapitawo amadutsabe pa msewu wathu masiku a msika, nthochi mpaka padenga. Bambo aja akafika pa kanjira ka amayi amaliza hutala kawiri, ndipo amayi amakhala atamva kale injini ili kutsidya, atakonza duku, akudikira pakhonde. Khanda lija tsopano ndi kamtsikana koyenda ndi kolankhula, ndipo anthu sananame, ndi amayi enieni, mphuno ndi chipumi chomwe, ngakhale kaimidwe. Loweruka lapitali tinali tonse pakhonde pamene hutala inalira. Amayi anakweza dzanja kupereka moni, koma mawu anawanamiza, anagunda khoma la khitchini n'kubwerera, ndiye iwo ankabayibitsa nkhokwe. Kamtsikana kaja kanawagwira chibwano ndi manja onse awiri n'kuwatembenuzira kumsewu, kakuti, "Agogo, ali uku. Mwawaona?"

"Ndawaona," anatero amayi. "Obiriwira ngati kale."

Bambo a ku Bvumbwe anawapaka utoto wabuluu chaka chatha. Kamtsikana kanatsegula pakamwa kuti kawakonze, ine ndinakagwira paphewa, n'kulowa m'nyumba kukatsuka mbale.